Mkamwa mwa Make

Kuseri kwa nyumba yalendi ku Chilomoni,
m'kachipinda komwe kanali kosungira makala,
ndili ndi nyanja zisanu ndi imodzi zagalasi.
Pampu imang'ung'udza usiku wonse
ngati munthu wowerengera ngongole.

M'thanki yachitatu muli mbuna yaikazi.
Lero ndi tsiku la khumi ndi chisanu ndi chitatu
isanalawe kanthu.
Ana ili nawo mkamwa.
Masaya atupa, chakudya chimadutsa pamphuno,
iyo kungotembenukira kukhoma.

Mawa ndiigwira ndi dzanja lonyowa,
ndiikanula kukamwa ndi chivindikiro cha bolopeni,
ndikhutulire ana m'beseni,
makumi awiri mwina, timaso tokhatokha,
kuti ibwerere msanga kwa yaimuna.
Mwandida, wanga wa sitandade faifi, anafunsa:
Ababa, ikapeza mkamwa mulibe, imawafuna?
Ndinati thamanga ukatunge madzi, mpopi ungaume.

A Matewere a ku Namiwawa anasiya galimoto kumunsi,
nakwera mtunda wathu wapansi, nsapato zili mbuu.
Anagogoda galasi ndi chikhadabo: iyi bwanji?
Ndinatchula mtengo maso ali pansi.
Sananenerere,
ndipo mtima unandiwawa kuti sindinawonjezere.

Kunja kwa mpanda a Nasimango amagulitsa usipa wapamulu,
akuingitsa ntchentche ndi chikatoni.
Nsomba yanga imodzi, yosakwana chala,
ndi tebulo lawo lonse, ndi lamawa lomwe.
Amati nsomba yosadyedwa ndi nsomba yanji,
n'kuseka mpaka chitenje kumasuka.

Koma a Nasimango sanadzukepo pakati pa usiku magetsi atazima
kuvundula madzi ndi kapu, thanki ndi thanki,
mpaka kucha, kuti zipume.
Sadziwa mtengo wa mayunitsi,
wa galasi ku Limbe,
wa zija makumi anayi zinayandama chagada mu Juni
chiperoni atalowera pazenera.
Zonsezo ndimasenzetsa imodzi yotsalayo.
Pamenepo ndilibe manyazi.

Manyazi ali m'chidebe, pansi pa tebulo.
Kuti buluu awale chonchi
ndinakwatitsa mlongo ndi mlongo wake,
kenako mwana ndi atate ake,
zimene kwathu ku Neno sazitchula n'komwe.
Zina zimabadwa msana wokhota,
zina diso limodzi,
zina zotuwa ngati phulusa la dzulo.
Zimenezo sindizijambula.
Amazidziwa ndi mphaka wa eni nyumba.

Pafoni ndimalemba kuti zosowa.
Liwu limenelo ndilo limadula, osati nsomba.
Mnyamata wa ku Chirimba anagula ziwiri chaka chatha,
pano ali nazo mazana, akugwetsa mtengo ndi theka.
Kuyambira apo ndimagulitsa zazimuna zokhazokha.
A Matewere sakudziwa kuti anyamula mabatchala atatu
okazungulira pabalaza mpaka kufa.

Wina anandinong'oneza za ufa wothira m'chakudya
woti ngakhale yotuwa iwale masabata awiri,
ndalama ithe kaye kulowa m'thumba.
Paketiyo ndinagula.
Ili pamwamba pa kabati, yosatsegula.
Fizi ikayandikira ndimaitsitsa, kuiwerenga,
kuipukuta fumbi, kuibwezera.

Usiku uno magetsi alipo.
Ndakhalira ndowa yovundikira.
Yaikazi ija yabisala kuseri kwa mwala
umene ndinatola ku Mudi n'kuuwiritsa kawiri,
ikugubuduza ana mkamwa pang'onopang'ono
ngati ili ndi mawu.
Pakati pa milomo ndaona kadiso kakundiyang'ana.

Chivindikiro cha bolopeni chili m'thumba la malaya.
Ndikaisiya, iwalavula yokha Lamulungu.
Lendi ndi Lachisanu.