Kaulusi

Adandiimbira foni nkhomaliro ili pakamwa:
"A Lifa, thamangirani ku Matawale,
ngolo ya chipatala choyendayenda ikuphika mankhwala."

Ndidaipeza itaima pamtetete,
khosi lake litatsamira pamsana pa pikapu,
pa chimbale chachitsulo chopakidwa girisi
chomwe Che Adini, dalaivala, amati gudumu lachisanu,
gudumu lomwe silidapondepo msewu wa ku Jali.

M'mwamba, momwe Sisitala Nachuma amayezera odwala,
munkazizira ngati mbandakucha wa Juni pa Ku Chawe.
Koma kumimba, mosungira makatoni,
nditangotsegula kachitseko
mpweya udandiwomba mbama,
fungo la thumba lomwe lagonera pamvula.

Ndidalowa chokwawa, tochi ili kukamwa,
mawondo akupsa pachitsulo.
Gasi adalipo wokwanira.
Fani inkazungulira, yosalakwa.
Koma paipi yofewa yotsitsa kuzizirako
idakanikizidwa ndi katoni ya magolovesi,
itapindika ngati bango lopondedwa ndi ng'ombe,
ndipo kumapeto kwake khoswe adamangako banja
ndi thonje la boma.
Kabowo kotulutsira kutentha
wina wake wanzeru adakamata ndi tepi yakuda
poopa fumbi la ku Chingale.

Pangodya, nkhungu.
Osati ija yotsika m'phiri kudzafunditsa Mulunguzi,
koma ya madontho akuda
yomera pomwe mpweya wakhala pansi n'kuiwala kudzuka.

"Tigule makina atsopano?" adafunsa Che Adini,
dzanja likukanda kale kumutu.
Ndidati ayi, achimwene.
Mpweya ndi mlendo wamantha,
salowa m'nyumba asanaone potulukira.

Ndidamatula tepi, n'kuwongola paipi,
banja la khoswe ndidalisamutsa osalipatsa notisi,
makatoni n'kuwasunthira zala zinayi kuchoka kukhoma.
Kenako ndidasolola kaulusi pamkono wa malaya anga
n'kukagwira pakamwa pa bowo.
Kadagona.
Kadagona.
Kadadzuka n'kuyamba kuvina.
Sisitala adawerenga galasi loyezera kutentha kawiri
asanaombe m'manja.

Madzulo, ndalama zili m'sokosi,
kabaza adanditula ku Chinamwali,
kuseri kwa chigayo, chitseko chachitatu.
Nditatsegula, mbama yomwe ija.

Zenera lathu ndidalitseka ndi njerwa mu Febuluwale
akuba atasolola foni ndi mbedza tili mtulo.
Mpata wapansi pa chitseko ndidautsira chiguduli
chifukwa cha udzudzu wa mu Likangala.
Mbaula imagona nafe, kuti isabedwe.
Ndipo Sigele, mwana wanga wa zaka zisanu ndi chimodzi,
chifuwa chake chimaimba likhweru usiku wonse,
amayi ake n'kumawerenga mpweya wake mumdima
ngati chenji chosakwana.

Ndidakoka bedi.
Kuseri kwake, madontho akuda aja,
mudzi wonse wa madontho.
Wina wake wanzeru uja ndidamudziwa tsopano:
amavala malaya anga.

A Mkwapatira, eni nyumba, adzabwera pa wani
ndi kabuku kawo ndi chala chawo cholozera,
adzati khoma si langa.
Zoona, si langa.

Ndidatenga tchizulo ndi hamala.
Njerwa imodzi m'munsi, mbali yoyang'ana kuphiri,
ziwiri m'mwamba, pafupi ndi malata,
sefa yawaya yotsala kuntchito n'kuikhomera ndi misomali yopindika.
Aneba adatuluka ndi sopo kumaso
kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

"Ababa, mukuphwanyiranji nyumba?"
Ndidamupatsa kaulusi kaja.
"Gwira apa. Usapume pafupi. Ungoyang'ana."

Kunja agalu, wailesi ya kwa aneba, belu la njinga.
Phiri lidadetsedwa kale, litangotsala mzere.
Iye adaima chilili pafumbi la simenti,
dzanja lili m'mwamba,
maso pa kaulusi,
akudikira.