Mpanda

Mzamba wa ku Leicester wajambula pakapepala
chinthu chonga chitumbuwa chophwatalala.
Akuti iyi ndi nsengwa.
Magazi ako amathera apa, a mwana amayambira apo,
amangopatsirana chakudya ndi mpweya pampanda
ngati anansi osalowerana m'nyumba.

Ndamufunsa: nanga kachilombo?

Akuti mpanda umayesetsa,
koma ukatupa ndi matenda, ukang'ambika pang'ono,
makamaka miyezi yakumapetoyi,
mbala zikachuluka m'magazi zimapeza pobowoka.
Ndiye tizichepetse, mpaka makina alephere kuziwerenga.

N'chifukwa chake seveni koloko iliyonse,
kunja kukali mdima wa Januwale,
nditatsika basi ya ku Belgrave, mapazi atatupa
ndi usiku wonse wotembenuza nkhalamba za eni,
ndimameza piritsi ndi tiyi wozizira.
Botolo lake ndinalimata pepala la mavitamini:
Nasibeko wa chipinda chinacho ngwapakamwa,
ndipo ku Ntcheu foni sichedwa kufika.

Iwe m'katimu, ponda, ponda ndithu.
Watenga kale mphuno ya bambo ako,
mchere wanga, nkhuli yanga ya dothi la chiswe
lomwe kuno kulibe.
Tenga zonse.
Ichi chokha, mwanawe, ndikumane.