Dzina Langa M'mayere

Merle, mwamuna wanga, amakonza mathirakitala kuno ku Choteau.
Chaka chilichonse chipale chofewa chikayamba kusungunuka
amakhala patebulo, magalasi pamphuno,
n'kuponya dzina lake m'mayere a boma
kupempha chiphaso chosakira nkhosa ya m'phiri,
ija ya nyanga zopiringizika ngati nkhata.

Zaka makumi awiri mphambu zisanu ndi ziwiri.
Ndikudziwa, poti ndalama za pakhomo pano ndimawerenga ndine.
Madola olembetsera, madola a laisensi,
madola a kapointi kamodzi pachaka
kamene amati kamakusendeza kufupi ndi khomo,
khomo limene anthu mazanamazana akugogoda
pomwe makiyi ndi atatu okha.
Malisiti onse ali m'chitini cha khofi.
Tsiku lina nditawaphatikiza anakwana denga la khola,
lomwe lija likudontha mpaka lero.

Nanga nsapato? Mapeya asanu ndi imodzi aperepeseka
kulondola nyama yosaloledwa kuwomba.
Amapita kukangoziona. Amabwerako ali wefuwefu:
"Ardis, ilipo ina yobenthuka nyanga ya kumanzere,
zaka zake khumi, ndawerenga mizere."
Chaka chotsatira chibayo chinalowa m'gulu lija,
boma n'kuchotsa chiphaso chimodzi pa zitatu zija.

Mwana wa Dunnigan, zaka khumi ndi zinayi,
anangoponya dzina kamodzi, mwayi wa nzama, chinatuluka.
Merle anapita kukamuthandiza kusenza nyama.
Usikuwo sanadye.
Wina wa ndege yakeyake anagula chake pa okushoni
pamtengo woposa nyumba yathu ndi munda womwe.
Merle anati palibe kanthu, ndalamazo zimasamala nkhosa,
koma foloko inkanjenjemera m'dzanja.

Zaka zinayi zapitazo anayamba kulembanso ine.
"Mayina awiri, mwayi kawiri," anatero,
ine ndikupukuta mbale, osatembenuka n'komwe,
ine amene mfuti ndimaikhudza poisuntha ndikamasesa.

Lachiwiri lapitali uthenga unabwera.
Anatsegula wake: pepani, monga mwa nthawi zonse.
Anatsegula wanga.
Anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso.
Anayimba foni ku ofesi, ine ndikumvera kukhitchini.
"Ayi bambo, dzina silisinthidwa.
Mwini wake ndi mwini wake."

Masiku awiri m'nyumba muno munali zii.
Ine ndinafuna kuchibweza. Masamu ndinali nditachita kale:
kavalo wobwereka, mafuta a galimoto,
masabata atatu garaja ili yotseka,
bondo lake limene dokotala akulidikirira ndi mpeni,
mapapo anga a zaka makumi asanu ndi limodzi.
Koma chikapita chapita.
Mzere uja kuuyambiranso kumafuna zaka
zimene tonse awiri, ngakhale titasonkherana, tilibe.

Dzulo usiku ndinamva sowo kugaraja.
Ndinapita ndi tochi, nditafunda jekete lake.
Mfuti ija bambo ake anamusiyira,
imene wakhala akuipaka mafuta Loweruka lililonse,
ili gone pachopanira, thendere lake lodulidwa,
utuchi uli mbwee pansi.
"Tambasula mkono," anatero, tepi ili m'manja.
Anayeza kuchokera pachigongono kukafika pachala.
Anang'ung'udza kanthu. Anadulanso pang'ono.

Sindinamuuze kuti sindikudziwa
ngati chala changa chidzavomera
nkhosayo ikadzaima pathanthwe n'kundiyang'ana.
Kapena akudziwa kale, sindinafunse.
Chiphasocho chili pafiriji, pansi pa maginito,
pambali pa bilu ya magetsi.

Mawa m'bandakucha tikuyamba
ndi kaphiri ka kuseri kwa manda,
ine ndi chikwama cha miyala kumsana,
iye m'mbuyo, akutsimphina,
akuwerenga mapazi anga mokweza.