Nyumba ya Dumingu Ikadalipo

Zaka makumi atatu choko chakhala chikundidya zala.
Lero andipatsa kagalasi kakuda,
ati tabuleti,
ati a Alufandika musamenye, ingokhudzani.
Ine wozolowera kukanikiza mpaka choko kuthyoka
ndiphunzire kukhudza
ngati mayi woyesa malungo pachipumi pa mwana.

Ku Bangula anatisula masiku atatu.
Kamnyamata ka nsapato zosongoka
kamajompha galasi ngati nkhuku pa mapira,
ine ndikulemba m'kope: dinani apa, kenako apa, dikirani.
Pasiwedi ndinaika Mawanga,
ng'ombe yanga imene inapita ndi madzi,
poti dzina limenelo sindingaliiwale.

Koma kope silinanene za dzuwa la kwathu.
Ikamakwana leveni malata amayamba kulira,
kachipangizo nkutentha, nkudzizimitsa kokha.
Timakagoneka pamchenga wonyowa pafupi ndi mtsuko,
ana makumi asanu ndi anayi akudikira,
thukuta lili kamukamu.

Netiweki nayenso ndi mlendo wamanyazi.
M'kalasi salowa.
Amaima pachulu kuseri kwa mlambe,
tsiku lina amabwera akuyankhula Chipwitikizi,
kutilandira ku Mozambiki
ife tili khale pa Tengani pompano.

Wandiwongola dzanja ndi Anyezi,
yemwe masamu ochulukitsa amamugwetsa chaka ndi chaka.
"Sala, musaope, sikaluma."
Kachala kake konunkha makakana
kanatsegula khomo limene ndinagogoda sabata yonse.
Ndinameza malovu
pamodzi ndi ukulu wanga.

Lachinayi ndinati tiphunzire mapu.
Tinakwera pachulu, mitu ili gundanegundane,
ndinalemba dzina la dera lathu ndi chala chimodzi,
kagudumu kanazungulira, kanazungulira,
kenako dziko linatseguka monga aliwonera kabawi.
Uyu Shire, wagona ngati nsato yokhuta.
Iyi njanji yopanda sitima.
Awa malata a sukulu yathu, kachigamba koyera.
Ana anakuwa, wina anayang'ana kumwamba
kufuna amene akutijambula.

Dumingu sanakuwe.
Anati, "Sala, tsitsani kumunsiku.
Pang'ononso. Pamenepo."

Mtengo wa masawu.
Nkhokwe. Kanjira kopita kudimba.
Nyumba ya udzu, ndi kanthu kofiira pabwalo,
kaya nsalu yoyanika.

"Ndi kwathu," anatero.

Tonse tikudziwa kuti pamenepo lero ndi mchenga.
Madzi anabwera usiku chaka chatha,
banja lawo linagona m'kalasi mwanga momwemu miyezi iwiri,
mabuku athu anasanduka phala,
ndipo mlongo wake wamng'ono sanapezeke.

Ndinafuna kunena zimene anatiuza ku Bangula,
kuti zithunzizi zimakhala zakale,
kuti makina sanamve za chigumula.
Pakamwa panauma gwa.
M'kope mwanga munalibe poti dinani apa.

"Musatseke, Sala."
Sindinatseke.
Belu linalira, mkombero wa galimoto wopachika pamtengo,
palibe anathamanga.
Dumingu anayika chala pakanthu kofiira kaja
mofewa, monga anandiuzira ine kuti ingokhudzani,
mpaka batire linafiira, linatsinzina.

Madzulo ndinatsegula buku la chikonzekero.
Pamene pamati "Zimene ana aphunzira"
cholembera chinangoima.
Mwina a hedi adzafunsa Lolemba.

Udzudzu utayamba nyimbo zake
ndinatenga kachipangizo, sola atakamwetsa pang'ono,
ndinakwera chulu ndekha mumdima
ngati munthu wopita kosayenera.
Ndinalemba Mawanga. Kanandilola.
Ndinatsitsa, ndinatsitsa, kudutsa munda wa thonje,
mpaka khola langa lakale.

Muli timadontho tinayi.
Kamodzi kali padera, pafupi ndi chipata,
pamene inkakonda kuima.

Mawa tili ndi masamu.
Anyezi walonjeza kundionetsa potumizira mayeso ku boma,
ine ndamulonjeza seveni kuchulukitsa ndi eyiti.