Foni ya Pepala

Lachiwiri ku Sheffield, mvula yowaza ngati yamwano.
M'chipinda chapamwamba pa laibulale
ndayala zida zanga patebulo:
sizasi, guluu, mapensulo atatu, ndi foni
yomwe ndaidula pa katoni ya tiyi.
Ilibe batire. Batire lake ndine.

Alowa Mayi Doreen Pickersgill, zaka makumi asanu ndi atatu,
chikhoti chikudontha, zala zopindika
ndi zaka zomwe ankapukuta mipeni ndi masipuni
m'mafakitale omwe lero mukugona ophunzira.
Ndiwauza: tiyerekeze mukufuna kuonana ndi dokotala.
Dinani pomwe mtima wakuuzani,
ndipo chobwera m'mutu chilichonse, chitchuleni mokweza.
Sitikuyesa inu ayi. Tikuyesa pepalali.

"Ndiye likonzeke," atero, navala magalasi.

Chala chawo chiyendayenda ngati nkhuku yofuna poikira,
chilambalala batani lalikulu lobiriwira
lomwe ndinalisinkhasinkha masabata atatu,
lomwe abwana analiombera m'manja,
n'kukatera pakona, pomwe palibe kanthu.
Go! go! go! pa katoni.
"Pobwerera pamakhala apa," atero,
"pa makina anga ochapira mpomwepa."

Lilime langa lifuna kudumpha:
ayi mayi, taonani apa, apatu!
Ndililuma.
Lamulo la ntchitoyi ndi lowawa:
khala chete, munthu asochere uli pomwepo,
iwe uziwerenga mapazi ake.
Kuona maso a nkhono n'kudekha, anatero akale,
koma sananene kuti podekhapo msana umachita thukuta.

Ndichotsa pepala, ndiika lina, monga ichitira kompyuta.
Palembedwa: Sankhani gulu la vuto lanu.
Aseka mpaka kutsamwa.
"Bondo langa lilibe gulu, mwanawe.
Limangopweteka basi."
Ndiwalemba mawuwo pa kapepala kachikasu,
ndiwadula mzere kunsi, kawiri.

Masana afika Bambo Harbhajan Dhillon, oyendetsa basi,
foni aigwira dzanja limodzi, linalo muli buledi;
chala chachikulu chikwera, chikwera,
chilephera kufika pamwamba pomwe ndinabisa zofunika.
Kenaka Saffiyah, akugwedeza ngolo ya khanda ndi phazi.
Ndimupatsa makadi makumi awiri awaunjike momwe akuonera,
ndipo khadi la mankhwala aliika pamodzi ndi la nthawi.
"Pokawatenga ndimakwera mabasi awiri," atero,
"ndikachedwa ndimapeza atseka."
Mabasi sanalowepo m'misonkhano yathu.
Ife ku ofesi timabwera pa njinga,
tili ndi maondo abwinobwino, manja onse awiri,
n'kumajambulira anthu omwe tawaumba m'mutu,
anthu osatsokomola, osaiwala, osanyamula mwana.

Folo koloko kunja kwada kale bii,
monga kuchitira kuno nyengo yozizira.
Khoma ladzaza timapepala tachikasu, tina tikugwa tokha.
Batani lobiriwira lija ndalidula.
Ndaliika m'thumba la jekete, osati m'bini;
mwana ndi wako ndithu ngakhale alephere mayeso.
Pakona paja panalibe kanthu
ndajambulapo kamuvi ndi pensulo, kokhota,
konyansa, kopanda woombera m'manja.

Chitseko chilira. Mayi Pickersgill aiwala ambulera.
Aona katoni patebulo,
adina kamuviko osafunsa, osaima n'komwe,
nandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Adikira.
Ndikumbuka mochedwa kuti kompyuta ndine.
Ndifufuza m'mulu, ndigwetsa sizasi,
ndifuna pepala lotsatira.
Palibe. Sindinalijambule.
Sindinaganize kuti wina angafike msanga chotere.

"Lachiwiri likudzali ubwere nalo," atero,
akukunga mpango pakhosi,
"ndipo zilembozo uzikulitse.
Si tonse tili ndi maso a mphaka."

Atsika masitepe, limodzi limodzi,
bondo lopanda gulu lija likutsogolera,
ine ndisongola pensulo.