Dzina la Khumi ndi Chinayi

Pepala limene anandipatsa ku ofesi ya boma
lili ndi mayina makumi awiri.
Usiku limagona pa chitseko cha fuliji,
masana ndimakhala nalo pa chidebe
kuseri kwa makina ochapira zovala za hotelo,
foni pakhutu, cholembera pakamwa.

Woyamba anapuma pa ntchito chaka chatha.
Wachiwiri anasamukira ku Fargo.
Wachitatu khadi la boma amalandira, inde,
koma odwala atsopano ayi,
mwina mu Epulo, mwina.
Wachinayi anandiikira nyimbo ya piyano
theka la ola, kenako foni inaduka
ngati ulusi wovunda.

Bambo anga, a Arvid, sadziwa kuti ndikuwerenga.
Amakhala pa zenera kuonerera sitima zomaliza
zikutuluka padoko la Duluth madzi asanaume,
phazi lakumanzere lili pa mpando wakewake,
lokulungidwa m'thaulo.
Bala lili pa chidendene, kukula ngati kobiri,
shuga sakulilola kutseka pakamwa.
Amati, Zisiye Corinne, lipola lokha.
Anatero za dzino lija.
Anateronso za chifuwa cha amayi.

Ndaphunzira kufunsa za khadi ndisanapereke moni.
Ndaudziwa mpweya umene munthu amakoka
asananene kuti pepani.

Lachinayi, chipale chitameza matayala a magalimoto,
dzina la khumi ndi chinayi linayankha lokha foni.
Ine si dokotala, ndine womuthandizira,
Mayi Thao. Khadi la boma? Bwerani nalo.
Balalo layamba fungo?
Ndiye mawa, naini isanakwane.
Ndinalemba adilesi pa chikhatho
poti pepala linali mizere yokhayokha.

Kachipatala kake kapanikizika
pakati pa sitolo ya matayala ndi tchalitchi cha Lutherani.
Mayi wamfupi, magalasi omanga ndi tepi,
anagwada pa simenti yozizira
n'kuvula sokosi ya bambo pang'onopang'ono
ngati akusenda dzira lofewa.
Sanakwinye nkhope.
Bambo, maso ali kudenga, anafunsa
ngati iye ndi dokotala weniweni.
Ayi, anatero akupukuta mafinya,
dokotala amabwera Lachiwiri.
Ine ndimabwera tsiku lililonse.

Pobwerera m'basi bambo anangoti zii,
phazi lili m'bandeji yoyera mbee,
mpaka pa siteji yathu pomwe anati,
Manja ake ndi ofunda, mayi uja.

Mayina asanu ndi limodzi otsalawo sindinawaimbire.
Dzulo Yolanda wa shifiti ya usiku
anandikokera pambali, mwana wake mphumu yamuvuta,
nayenso ali ndi pepala lake, nalonso mizere.
Ndinatambasula chikhatho.
Sopo anali atadya inki yonse,
koma ndinamuwerengera nambala ija
ngati ikuonekabe.