Yankho Lachitatu

Pa nsanjika yachitatu, ku Caparica,
mphepo ya m'nyanja ikugogoda zenera losatsekeka bwino.
Iolanda wagwira choko chothyoka.
Pabolodi pali mizere iwiri yokha:
A ndi zoona ngati B sizinatsimikizike.
B ndi zoona ngati A sizinatsimikizike.

Chaka chachinayi tsopano akufunsabe
chimene mizereyi ikutanthauza payokha,
kusiya zimene kompyuta imachita ikaimeza,
pakuti iyo imangozungulira
ngati galu wolondola mchira wake
mpaka wina atopa, aizimitse.

Pulofesa Quintela, khofi atawazizirira m'kapu,
akuti iyi ndi nkhani yakale:
"Tseka chitseko cha dziko, mwanawe.
Chimene walephera kuchitsimikiza, chitche bodza.
Sitima yosalembedwa pa ndandanda ya ku Cais do Sodré
ndani amaidikirira?"
Iolanda akupukuta fumbi la choko pa siketi.
Sakuyankha.

Lachisanu basi imamutsitsa ku Sesimbra.
Mayi ake, a Graciete, amayala mbale zitatu
pomwe odya ali awiri.
Dinis analowa m'nyanja ndi boti la nsomba
mu Novembala, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Anatola jekete, chigubu, chingwe chabuluu.
Thupi ayi.
Kalaliki wa kukhoti anafunsa umboni woti ali moyo.
Panalibe, ndiye anadinda chikalata.
Mayi anafunsa umboni woti anafa.
Panalibenso,
ndiye amachapabe malaya ake Loweruka lililonse.

Mizere iwiri ija, mayankho awiri,
lililonse litaima nji pa miyendo yake,
koma mphasa imodzi sangagonepo.

M'mutu wachinayi wa kafukufuku wake
Iolanda wasesa kachipinda pakati pa zoona ndi bodza
kuti mugone mawu amodzi: sizikudziwika.
Ena analowamo kale, iye akudziwa,
ntchito yake ndi kuonetsa kuti denga silidontha
ngakhale malamulo atachuluka, atalumana michira.
Woyesa wa ku Leuven wabweza pepala
ndi inki yofiira m'mphepete:
"Umboni wa patsamba 87 ukutsimphina.
Kubwerezaku kudzaima liti? Onetsani."

Ndiye wakhala patebulo la kukhitchini,
pepala lili pambali pa mbale yosadyeramo.
Akuyamba wopanda kanthu m'manja.
Ulendo woyamba akutola zotsimikizika,
wachiwiri akutaya zosatheka,
abwereze, abwerezenso,
mpaka pamene kubwereza
sikuonjezanso kanthu, sikuchotsanso kanthu.
Zotsala pamenepo palibe wozikakamiza kulankhula.

Itangokwana 2 koloko usiku, umboni wagwirana.
Sanakuwe.
Wangoika pensulo pansi, khosi lili gwa.
Kunja mafunde akumenya khoma la doko
monga amachitira masiku onse.
Mayi atulukira, ovala juzi ya Dinis,
anyamula mbale youma ija,
aipukuta ndi kansalu,
aibwezera m'kabati, patsogolo pa zinzake.